Lipoti la nkhani: Matabwa aawisi ndi amisiri osalankhula pa shopu ina ya mipando ku Dedza

Chiyambi cha nkhani

M'mwezi wa Malichi 2024 ndinaitanidwa ndi mwini shopu ina yopanga mipando, zitseko, makabati ndi mabedi pa boma la Dedza kuti ndikamuthandize pa vuto limene iye analitchula kuti "maganizo a antchito". Ndakhala ndikulangiza eni mabizinesi ang'onoang'ono m'chigawo chapakati kwa zaka zingapo, ndipo mawu amenewa ndimawamva pafupifupi kulikonse kumene ndaitanidwa, moti masiku ano ndimayamba ndafunsa mmene antchitowo amalipidwira ndisanafunse mmene amaganizira. Lipoti lino likufotokoza zimene ndinapeza pa shopuyo, zimene tinayesa m'miyezi 11 yotsatira, ndi pamene nkhaniyi yaima. Mayina a anthu ndi a shopu ndawasiya, monga tinapanganirana.

Shopuyi anaiyambitsa ndi malemu bambo ake a mwini wake wa lero. Pamene ndinkafika inali ndi amisiri asanu ndi awiri, ophunzira ntchito atatu, ndi kapitawo amene ndi malume ake enieni a mwini shopu, mlongo wawo wa mayi ake, munthu amene anayamba kupala matabwa ndi malemuwo shopu ikadali chisakasa cha udzu. Ubale umenewu ndautchula pachiyambi pomwe chifukwa unali pansi pa zambiri zimene zinachitika pambuyo pake.

Dandaulo la mwini shopu linali lachidule. "Alangizi, anthu anga amagwira ntchito ngati aganyu. Akamaliza mpando amati za abwana izi, kaya uthyoka mawa iwo alibe nazo ntchito. Chiyambire palibe amene anabwerapo kwa ine ndi nzeru yatsopano. Paja amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndiye bwerani mudzawamete." Chimene ankafuna chinali maphunziro a masiku awiri olimbikitsa antchito. Ndinakana, n'kupempha kuti andilole kungokhala m'shopumo kwa masabata awiri.

Mmene msika unalili

Nkhawa yake inali ndi maziko. Kwacha inali itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kuwonjezera pa 25 peresenti ya mu Meyi 2022, ndipo guluu, vanishi, maloko ndi sandipepa, zimene zambiri zimachokera kunja, zinali zitakwera mtengo koopsa. Mu Febuluwale 2024 boma linakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi, ndipo mwezi womwewo Reserve Bank of Malawi inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, kutanthauza kuti ngongole ya kubanki sinali njira kwa shopu ya msinkhu umenewu. Paini wokhwima wa m'nkhalango zozungulira Dedza ndi Chongoni, amene anapatsa boma lino mbiri ya matabwa, anali atachepa, ndipo amacheka ambiri ankabweretsa matabwa a mitengo yanthete, ochekedwa dzana lomweli.

Opikisana naye anali amitundu itatu. Anyamata amene kale anaphunzira ntchito m'shopu ngati yomweyi anali atatsegula malo awo pansi pa mitengo m'mbali mwa msewu, opanda lendi ndiponso opanda bilu ya magetsi, ndipo mtengo wawo sakanaufikira. Owotcherera zitsulo anali atalanda gawo lalikulu la msika wa zitseko zakunja ndi mafelemu. Ndiye ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1, masitolo anali odzaza ndi makabati onyezimira a bolodi, amene sakhalitsa akakumana ndi madzi koma amakopa maso a munthu amene wangolowa kumene m'nyumba yatsopano. Njira yokhayo imene mwini shopu ankaidziwa yolimbanirana ndi onsewa inali kutsitsa mtengo ndi kufulumizitsa ntchito.

Zimene ndinapeza

Masabata awiriwo sindinachititse msonkhano uliwonse. Ndinkafika m'mawa, kukhala pa benchi pafupi ndi makina opalira, n'kumawerenga buku la maoda limene mwini shopu amalembamo yekha. M'bukumo katundu aliyense amene kasitomala anabweza kapena kudandaula naye anali ndi chizindikiro cha inki yofiira, ndipo pambali pake panali dzina la mmisiri amene anadulidwa malipiro chifukwa cha katunduyo. Mwini shopu ankaliwerenga potsata mayina, n'chifukwa chake ankaona kuti wosasamala ndi uje ndi uje. Ine ndinaliwerenga potsata miyezi ndi kumene katunduyo anapita. Inki yofiira inali itaunjikana pa katundu wopangidwa pakati pa Januwale ndi Epulo, makamaka amene anapita ku Lilongwe, ku Salima ndi ku Golomoti, ndipo inagwera amisiri onse osasiyapo ndi mmodzi yemwe, ngakhale kapitawo amene. Madandaulo nawo anali amodzimodzi: chitseko chapindika ndipo sichikutsekeka, tebulo lang'aluka pamwamba, miyendo ya mpando yayamba kugwedera.

Kwa wodziwa matabwa, zizindikiro zimenezi zili ndi gwero limodzi. Thabwa longochekedwa kumene limakhala ndi madzi ambiri, ndipo madzi oyambirira amachoka popanda thabwalo kusintha kukula kwake. Koma chinyezi chikatsika kufika pa magawo pafupifupi 30 pa 100, thabwa limayamba kuchepa, kwambiri m'lifupi kusiyana ndi m'litali, ndiponso mosafanana mbali zonse, ndiye limapindika kapena kung'aluka. Thabwa la katundu wa m'nyumba limafunika kuuma mpaka chinyezi chake chitsike pa magawo pafupifupi 12. Dedza ndi malo okwera, ozizira ndiponso a nkhungu, moti mpando wopangidwa ndi thabwa laliwisi umatuluka m'shopu ukuoneka bwinobwino, n'kukamalizira kuuma m'nyumba ya kasitomala ku Salima, kumene kutentha kwa kunyanja sikuchedwa kuulula zimene vanishi anabisa.

Zimenezi sizinandidabwitse. Chimene chinandisowetsa mtendere chinali chakuti anthu 11 amene amagwira matabwa ndi manja awo tsiku ndi tsiku sakanalephera kudziwa, koma palibe amene ananena. Ndinayamba kucheza nawo mmodzimmodzi pa nthawi ya nkhomaliro, nthawi zina poyenda kupita kumsika, ndipo aliyense ankadziwadi.

Woyamba kundimasukira anali mayi wachitsikana, mmisiri wamkazi yekhayo m'shopumo, amene anaphunzira ukalipentala ku koleji ya ntchito zamanja pansi pa TEVETA. Anati: "Alangizi, thabwa laliwisi limadziwika ndi dzanja lomwe, limazizira ndiponso limalemera, ndipo puleni ikamadutsa imangonyenya. Koma matabwa amagula ndi abwana eni ake. Ndikati ndi aawisi ndiye kuti ndanena kuti abwana sadziwa kugula. Ndiye ndine yani ine wobwera dzulodzuloli?" Anandiuza kuti anayesapo kamodzi m'mwezi wake woyamba, ndipo kapitawo anamuyankha kuti, "Mwana wanga, kuno timapala, sitiwerenga mabuku," kenako anamuika pa ntchito ya sandipepa sabata yathunthu, ntchito imene inalibe malipiro akeake. Anzake onse anaona, ndipo phunzirolo analimva bwino.

Chifukwa chachiwiri chinali cha m'thumba, ndipo ndichimene ndimachiona kuti chinali chachikulu. Amisiri ankalipidwa Loweruka lililonse potengera katundu amene amaliza. Mmisiri akapatula matabwa aawisi n'kuwaika pambali, ankatsala wopanda chopangira, ndiye kuti Loweruka limenelo kunyumba kulibe ufa. Akatseka maso n'kukhoma mpandowo, ankalandira ndalama yake sabata yomweyo, ndipo chilango chodulidwa malipiro chikanabwera patapita miyezi itatu kapena osabwera n'komwe, chifukwa makasitomala ambiri sadandaula, amangoleka kubweranso. Mmisiri wina wachikulire anandiuza akuseka kuti, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, alangizi, wa pachala ngwa mphepo." Munthu ameneyu sindinamuone ngati waulesi kapena wosakonda ntchito. Anawerengera molondola masamu amene abwana ake anamuikira, ndipo wina aliyense wokhala ndi ana kunyumba akanawerengera chimodzimodzi.

Panalinso nkhani ya zidutswa. Madzulo aliwonse amisiri ankanyamula zidutswa za matabwa pa njinga, ndipo mwini shopu ankazitcha kuba, ngakhale kuti zidutswazo akanazisiya zikanangothera pa moto wa mlonda. Nditafufuza ndinapeza kuti kunyumba kwawo ankapanga timipando ta ana, mathireyi, timabokosi toikiramo ndalama ndi zisa zoikiramo nkhuku, n'kumakagulitsa pa masiku a msika ku Bembeke ndi ku Lizulu. Anthu omwewo amene ananenedwa kuti alibe nzeru zatsopano ankadziwa bwino chimene mayi wa kumudzi angagule ndi ndalama ya kachewere wake, ndipo ankasintha kapangidwe potsata zimene ogula awauza. Nzeru zinalipo, kungoti zinkatuluka pa geti nthawi yoweruka chifukwa m'kati zinalibe pokhala.

Zimene tinasintha

Msonkhano wovuta koposa unali wa ine ndi mwini shopu. Ndinamuuza kuti kalumo kamene ankayembekezera kwa mlendo kanali m'nyumba mwake momwe, ndipo kuti amene anakabisa ndi malamulo ake a malipiro. Anakhala chete nthawi yaitali. Ndinamufotokozera za kampani ya Toyota ku Japan, kumene wantchito wamba amaloledwa kukoka chingwe choitanira thandizo, ngakhale kuimitsa mzere wopangira galimoto, akaona cholakwika, chifukwa cholakwika chogwidwa msanga chimawononga zochepa kusiyana ndi chimene chafika kwa wogula. Iye anati zimenezo ndi za ku Japan. Chimene chinamufika pamtima chinali chitsanzo cha pakhomo: ndinamufunsa kumene anapita anthu aja anali ndi matelefoni olipiritsa m'timashopu pa boma pomwepa mafoni a m'manja asanafale, ndiponso ngati anatsekedwa chifukwa antchito awo anali aulesi. Anaseka, n'kunena kuti mkulu wake weniweni anali mmodzi wa iwo.

Tinayamba ndi malipiro. Tinagwirizana kuti mmisiri aliyense azilandira ndalama yokhazikika pamwezi yosachepera imene lamulo likunena, ndipo ya pa katundu amene wamaliza ikhale yowonjezera pamwamba, yotsikirapo kusiyana ndi kale. Tinagwirizananso kuti cholakwika chilichonse chimene chanenedwa katundu asanapakidwe vanishi chisadulitse munthu malipiro. Mwini shopu anakana kawiri konse. Anavomera titakhala pansi n'kuwerengera mtengo weniweni wa chitseko chimodzi chobwezedwa kuchokera ku Lilongwe, kuyambira galimoto yokachitenga, matabwa atsopano, masiku a mmisiri, mpaka womanga nyumba amene sadzaitanitsanso, ndipo anaona yekha kuti ndalama imene ankadula mmisiri sinkafika n'komwe pa theka la zimene ankataya.

Chachiwiri chinali choko. Aliyense m'shopumo, ngakhale wophunzira ntchito wa miyezi iwiri, analoledwa kulemba mtanda pa thabwa limene akulikayikira, ndipo thabwa la mtanda linkabwezedwa kubwalo popanda wina kufunsa kuti walemba ndani. Choko chinagwira ntchito chifukwa sichinkafuna kuti munthu aime pamaso pa wamkulu n'kumutsutsa ndi pakamwa, chinthu chimene tonse tinaleredwa kuti tisamachite.

Bokosi la maganizo, limene ndinalibweretsa ine, linalephereratu. Patatha masabata atatu tinapezamo mapepala awiri okha, lina lopempha ngongole, lina lodandaula za chimbudzi. Ndikanayenera kudziwiratu kuti m'shopu ya anthu 11 abwana amadziwa kalembedwe ka aliyense, ndiponso kuti ena mwa amisiri aluso kwambiri anasiyira sukulu ku pulaimale ndipo sakonda kuti zimenezo zionekere pa pepala. M'malo mwake tinayamba kukumana Lolemba lililonse m'mawa kwa mphindi 20, titaimirira, ndi lamulo limodzi lakuti wamng'ono ndiye aziyamba kulankhula, chifukwa wamkulu akayamba, otsatira onse amangoti "monga anenera akuluwa". Mwezi woyamba ndinapempha mwini shopu kuti asamakhalepo, ndipo maganizo ndinkawalemba ine m'buku popanda mayina.

Kapitawo sanakondwe nazo. Sabata yachiwiri ya choko anapita kumaliro ku Lobi ndipo anakhalako masiku asanu ndi anayi, nthawi imene aliyense m'shopumo anadziwa kuti yapitirira ya maliro. Atabwerako ndinakawachezera kunyumba kwawo Lamulungu masana, ndipo kumeneko ndi kumene ndinamva zimene zinasintha kaonedwe kanga ka nkhani yonseyi. Anandiuza kuti m'nthawi ya malemu alamu awo matabwa ankasanjidwa pansi pa shedi ya udzu nyengo yathunthu asanakhudzidwe ndi puleni, ndipo amene anathetsa mchitidwewo ndi mphwawo yemweyu atangotenga shopu, ponena kuti matabwa ogona pabwalo ndi ndalama yogona. Nditafunsa chifukwa chimene sanamuchenjezere, anati, "Mwana wakula, shopu ndi yake. Malume amalangiza pa ukwati ndi pa maliro, pa ndalama za mwini amangopenya." Zoti mtsikana wa ku koleji abwere kudzanena zimene iwo anazidziwa iye asanabadwe, ndiponso zimene iwo analephera kuzinena, n'zimene zinawapweteka.

Ndinapempha mwini shopu kuti apereke bwalo la matabwa m'manja mwa malume akewo pamaso pa anthu onse, ndipo anatero ndi mawu akuti, "Malume, bwalo ili ndi lanu. Thabwa lisalowe m'shopu inu musanalole." Mkuluyo anasanja matabwa monga ankachitira kale, pa nsanja yotalikira pansi, ndi timitengo topingasa pakati pa mizere toikidwa molunjikana kuti mphepo izidutsa, miyala yolemera pamwamba, denga loteteza ku mvula ndi dzuwa, ndi penti kumapeto kwa matabwa kuti asang'aluke. Mayi uja anawonjezera njira yoyezera yosafuna chipangizo chodula: pa mulu uliwonse ankasankha thabwa limodzi, kuliyeza pa sikelo ya mbewu Lolemba lililonse ndi kulemba kulemera kwake pa thabwa pomwepo, ndipo kulemera kukaleka kutsika kwa masabata awiri kapena atatu, ndiye kuti thabwalo lauma kufika pamene mphepo ingaliumitse. Kapitawo ankagogoda thabwa ndi chala n'kumvetsera kulira kwake. Nthawi zambiri khutu la mkuluyo ndi sikelo zinkagwirizana, ndipo pofika mu Julayi ndinawamva akumutchula mayi uja kuti "amisiri".

Funso la ndalama yogona linadziyankha lokha chaka chimenecho. Miyezi yambiri ya 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi mlingo wopitirira 30 peresenti poyerekeza ndi chaka chapitacho, kotero thabwa logulidwa mu Juni n'kusungidwa mu shedi linkasunga mphamvu ya ndalama kuposa ndalama yokhala m'thumba. Mwini shopu anagulitsa makina akale amene anangokhala osagwira ntchito, nagula matabwa m'miyezi yopanda mvula.

Zatsopano zimene zinatuluka

Maganizo anayamba kubwera pang'onopang'ono, ndipo ambiri anali ang'onoang'ono, monga kusonkhanitsa ntchito yonse ya makina kuti igwiridwe magetsi a ESCOM akayaka ndi kusungira nthawi yozima ntchito ya manja. Atatu okha ndiwo akuyenera kufotokozedwa.

Mnyamata wina wophunzira ntchito, amene kwawo ku Bembeke amalima tomato ndipo anaonapo nyumba za pulasitiki zolimiramo mbewu, anafunsa ngati matabwa sangaumire m'nyumba yoteroyo nthawi ya dzinja. Tinamanga kanyumba ka denga la pulasitiki lopendekera kumpoto, m'kati mopaka penti yakuda. Ulendo woyamba tinaluza matabwa onse a mizere ya pamwamba, chifukwa kutentha kunkangounjikana kudenga ndipo anauma mofulumira kunja m'kati akadali aawisi, n'kung'aluka. Pulasitiki wamba amene tinagula nayenso anafumbutuka ndi dzuwa pasanapite miyezi ingapo. Mmisiri wachikulire wa fodya uja ndiye anabweretsa fani yakale ya galimoto, naiyendetsa ndi sola yaing'ono kuti mphepo izizungulira, ndipo tinaboola mazenera otulutsira chinyontho. Kuyambira pamenepo kanyumbako kanayamba kumalizitsa matabwa amene ayamba aumira pabwalo.

Lachiwiri linachokera pa zidutswa. Tinathetsa mkangano wa kuba pogwirizana kuti Loweruka masana amisiri azipanga katundu wa zidutswa m'shopu momwemo ndi makina a shopu, ndipo phindu lizigawidwa pakati pa iwo ndi mwini wake. M'menemo munatuluka ming'oma ya njuchi ya timatabwa ta pamwamba, imene magulu oweta njuchi m'mbali mwa nkhalango za Chongoni ndi Mua-Livulezi amaifuna. Mng'oma wamtunduwu suvuta kukhoma, koma timatabwa take ta pamwamba tiyenera kukhala mamilimita 32 kapena 33 m'lifupi, apo ayi njuchi zimamanga zisa mopingasa ndipo mlimi sangatulutse chisa chimodzi osaphwanya chinzake. Akalipentala ambiri amangoyerekeza ndi maso. Mayi uja anapanga chikombole chodulira timatabwato kuti tonse tizituluka tofanana, ndipo popeza matabwa anali ouma, ming'omayo sinkatsegula mipata yolowera nyerere. Alimi anayamba kuuzana okha.

Lachitatu linalephera. Tinapanga makreti oti ogulitsa tomato ku Lizulu azinyamulira katundu wawo kuti wa pansi asamaphwanyike, koma amayi a pamsika anatiuza kuti muyeso umene wogula amaudziwa ndi dengu, ndiponso kuti madengu opanda kanthu amalowetsana pobwerera pamene makreti amadya malo ndipo wagalimoto amalipiritsa. Tinasiya titapanga ochepa chabe. Chofunika pa nkhani imeneyi n'chakuti amene anabweretsa ganizolo sanadulidwe ngakhale tambala, ndipo anzake onse anali akuyang'ana kuti aone ngati adulidwe.

Kumbali ya msika, shopu inaleka kulimbana ndi a m'mbali mwa msewu pa mtengo. Inayamba kutumizira omanga nyumba zithunzi pa WhatsApp zoonetsa matabwa ali pa nsanja ndi manambala a sikelo, ndi kulemba pa lisiti kuti chitseko chikapindika pasanathe miyezi isanu ndi umodzi chidzakonzedwa ulere.

Oda ya madesiki

Mu Okutobala sukulu ina inaitanitsa madesiki ambiri ndi nthawi yochepa, ndipo matabwa ouma sanakwane. Njira inalipo yopempha kuti madesikiwo aperekedwe m'magawo awiri, koma mwini shopu anaopa kuti oda ipita kwa wina. Lamulungu madzulo anabwera yekha ndi nsanza yonyowa, nafufuta mitanda ya choko pa mulu wonse wa matabwa amene anali atangofika, ndipo Lolemba anauza amisiri kuti ayambe kudula. Palibe amene anatsutsa. Kapitawo anaika makiyi a shedi pa tebulo la mphwake osanena kanthu.

Ine ndinali kwina nthawi imeneyo, ndipo ndinadziwa kuti chinachake chachitika nditangotsegula buku la maganizo n'kupeza masabata asanu opanda kanthu. M'shopumo munalibe thabwa ndi limodzi lomwe la mtanda. Ntchito ya miyezi isanu ndi iwiri inafufutika ndi nsanza imodzi, ndipo sindikuganiza kuti antchitowo analakwa kubwerera m'chigoba, chifukwa anali atauzidwa mwa zochita kuti chokocho chimalemekezedwa pokhapokha ngati sichikudya ndalama ya abwana. Pofika mu Disembala matabwa a pamwamba pa madesiki ena anali atatsegula mipata yoti pensulo n'kulowa, ndipo shopu inawakonza ndi ndalama zake.

Ndinauza mwini shopu kuti palibe chimene ine ndingachite pa nkhaniyi, ndipo kuti wokonza ndi iye yekha. Mawu akuti pepani sanawatchule. Lolemba lina, anthu onse ataimirira, anatenga choko n'kulemba mtanda waukulu pa thabwa limene anagula yekha dzulo lake, nati, "Malume, ili ndagula ndine, ndi laliwisi. Libwezeni kubwalo." Kenako anabweza makiyi. Mitanda inayambanso kuoneka patapita masabata awiri, koma mpaka pano ophunzira ntchito amayamba aona kaye ngati wamkulu walemba iwo asanalembe.

Pamene nkhaniyi yaima

Ulendo wanga womaliza unali mu Febuluwale 2025, pakati pa nyengo imene kale inki yofiira inkadzaza buku. Kupatula madesiki aja, masamba a dzinja limeneli anali ndi zizindikiro zowerengeka chabe, ndipo maoda a zitseko ochokera kwa omanga nyumba ku Lilongwe anali atayambiranso. Phindu silinakwere mofanana ndi maoda, chifukwa mitengo ya zipangizo inapitirira kukwera ndipo malipiro okhazikika amalemera m'miyezi imene ntchito yachepa. Mgwirizano wa zidutswa nawo wayamba kuvuta, popeza amisiri akuti mwini shopu wayamba kutcha matabwa abwinobwino kuti si zidutswa ming'oma itayamba kuyenda malonda.

Mu Januwale mayi uja anasiya ntchito n'kukatsegula malo ake pa boma la Ntcheu, atatenga mnyamata wa ku Bembeke uja, ndipo akupanga ming'oma ya njuchi. Mwini shopu zinamuwawa kwambiri, moti anandifunsa ngati sangalembetse amisiri otsalawo pangano lowaletsa kuchoka, ndiponso ngati si bwino kuleka kuwaonetsa zonse. Ndinamulangiza kuti asatero, chifukwa mmisiri womangidwa ndi pepala amabwerera ku za abwana izi zomwe zija. Ndinamukumbutsanso kuti mayiyo ku Ntcheu alibe bwalo, alibe kanyumba koumitsira, ndiponso alibe mpamba wosungira matabwa miyezi itatu, chimodzimodzi anyamata onse a m'mbali mwa msewu, kotero shopu yake ikhoza kuyamba kuwagulitsa matabwa ouma kale n'kusandutsa opikisana nawo kukhala makasitomala. Kapitawo anagwirizana nalo ganizoli ndipo wayeza kale malo a shedi yachiwiri kuseri kwa shopu. Mwini wake anati aganize kaye. Tinapangana kukumananso mu Meyi, nthawi yogula matabwa ikamayamba, kuti tidzaone za shediyo, kulemba pa pepala kukula kwa thabwa limene lizitchedwa chidutswa, ndi kupeza fani ina, popeza ya galimoto ija inapsa kumayambiriro kwa Febuluwale yemweyo.